Kusema ziwiya zakukhitchini pa lathe: mafunso ndi mayankho

Pakati pa sabata ndimagwira ntchito ya muofesi kuno ku Chipata. Loweruka ndikabwera kumsika ndimalowa m'kashedi kuseri kwa nyumba n'kuyatsa lathe. Zimene zimatulukamo ndi tinthu tating'ono: mithiko, timitondo tosinjira adyo, mipini ya mipeni, timbale ta mchere. Anzanga akutchalitchi, aneba, ndiponso achinyamata amene amasuzumira pampanda akamva makina akulira, akhala akundifunsa mafunso omweomwewo. Ndawalemba pano pamodzi ndi mayankho anga. Chiwiya chilichonse chimene ndasema chimayamba chalowa mumphika wa kwathu chisanapite kwa munthu wina, ndipo zambiri zimene ndikuuzeni ndaziphunzira kumeneko.

Kodi lathe n'chiyani?

Ndi makina amene amagwira mtengo uku ndi uku n'kumauzungulitsa, inu n'kumagunditsa tchizulo pamtengowo ukuthamanga. Posema ndi sompho mtengo umakhala phee, chitsulo n'chimene chimayenda. Pa lathe mtengo ndi umene umayenda, dzanja limangotsogolera chitsulo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chochokera pa lathe chimakhala chobulungira.

Kumanzere kuli mutu wa makina, kumene kuli mota ndi mano oluma mtengo. Kumanja kuli tailstock, imene imasendezedwa kuti ipanikize mtengo ndi kansonga kake. Pakati pali tool rest, chitsulo chotsamiritsapo tchizulo. Lusoli ndi lakale kwambiri: m'manda a Petosiris ku Egypt, a zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, muli chithunzi cha anthu awiri, wina akukoka chingwe chozungulitsa mtengo, mnzake akusema.

Kodi mthiko ndi chipande zimatheka pa lathe?

Funso ili ndi limene limabwera loyamba, chifukwa kwathu kuno khitchini yopanda mthiko kulibe. Mthiko umatheka theka. Chogwirira chake n'chobulungira, ndiye lathe imachikonza bwino kwambiri. Kumutu kwake n'kwaphwatalala, ndiye kumeneko mumabwerera ku mpeni, tupa ndi sandipepa.

Ine ndimatenga thabwa lotalika masentimita 45, mulifupi 7, kuchindikala 3. Ndimajambulapo mthiko ndi pensulo, n'kudula ndi sowo mbali ziwiri za chogwirira kuti patsale kandodo ka makona anayi. Kenako ndimalimanga pa lathe n'kusema chogwirira chokhacho. Apa pafunika maso. Mutu waphwatalala uja ukamazungulira suoneka bwino, umangokhala ngati chithunzithunzi, koma ukakumenyani chala mudziwa kuti ulipo. Ndimamata tepi yoyera pa tool rest posonyeza malire amene dzanja siliyenera kudutsa.

Mthiko wanga woyamba ndinaupatsa amayi anga. Ndinausema ndi mtima wonse, khosi lake lowonda bwino, timizere titatu kumapeto. Anaugwira, n'kuuyesa m'mwamba ngati akuvundula, ndipo anati, "Atate, ngwokongola, koma khosi mwalidya kwambiri. Nsima ikalimba uthyoka uwu." Ndinati, "Amayi, mtengo wake ngwolimba." Sanatsutse. Pa Khirisimasi kunabwera alendo, anateleka mphika waukulu pambaula, ndipo atathira ufa womaliza n'kuyamba kutembenuza, ndinamva kuti thyo! Mutu wa mthiko unatsalira munsima, chogwirira chili m'manja mwawo. Anamalizira ndi mthiko wawo wakale wa kumudzi, wosemedwa ndi sompho, wokhotakhota, umene wapirira zaka zambiri.

Usiku umenewo ndinauyang'anitsitsa mthiko wakale uja. Khosi lake silinali lowonda paliponse, linkakula pang'onopang'ono kulowa kumutu. Ndipo mitsempha ya mtengo inkayenda molunjika kuchokera kuchogwirira mpaka kumapeto, chifukwa mmisiri wake anachita kuwaza mtengowo ndi nkhwangwa, ndipo mtengo wowaza umatsata mitsempha yake. Thabwa langa linali locheka ndi makina, mitsempha yake inkadutsa mopingasa pakhosi penipeni. Kuyambira pamenepo khosi la mthiko wa banja sinditsitsa kupitirira masentimita 2, ndipo ndikapeza chipika ndimawaza, sindicheka. Timizere tokongoletsa ndinasiyanso kuika pafupi ndi mutu, chifukwa phala limakanirira m'menemo n'kuvuta kutsuka.

Chipande ndi nkhani ina. Chigoba chake amachikumba ndi manja, ndi kasompho kapena tchizulo yokhota. Lathe ingakuthandizeni pa chogwirira basi.

Nanga woyamba kumene ayambe ndi chiyani?

Kamunsi ka kamtondo, kapena ndodo yotambasulira ufa wa chapati ndi samusa. Zonsezi zimangofuna kuti mudziwe kusandutsa mtengo wa makona anayi kukhala wobulungira ndi wosalala. Mukapanga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pitani ku mipini ndi kotungira uchi. Timbale ndi timitondo tidikire, chifukwa kukumba mkati kumafuna chuck, chitsulo cha mano chogwira mtengo mbali imodzi yokha, ndi tchizulo ina.

Makinawo ndingawapeze kuti? Kodi ndingapange ndekha?

Pa ziwiya zakukhitchini simufunika chimakina chachikulu cha akalipentala osema miyendo ya matebulo. Lathe yaing'ono yokhazika pa benchi, yolandira mtengo wotalika masentimita 40 kapena 45, ya mota ya mawati 370 mpaka 550, ikukwanirani. Zotere anthu amaitanitsa ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570 mumsewu wa Great East, kapena kufufuza zogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook. Mukapeza yakale, isendezeni tailstock mpaka nsonga yake ikumane ndi nsonga ya kumutu. Zikapanda kuyang'anizana bwino, musagule. Gwedezaninso shafuti ndi dzanja. Ikamachita gwedegwede, mabering'i atha.

Kupanga nokha n'kotheka, ndipo owotcherera zitsulo athu a m'makomboni ali ndi luso lokwanira. Zofunika ndi zitsulo ziwiri zolunjika za njanji, shafuti, mabering'i awiri, mapule, lamba ndi mota. Mota zambiri zimene zimapezeka kuno zimazungulira maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi. Mukaika pule ya masentimita 5 pamota ndi ya 10 pashafuti, mtengo uzizungulira maulendo 700, liwiro labwino loyambira. Mukakhala ndi mapule a masitepe atatu mutha kusintha liwiro pongosuntha lamba.

Chimene ndimakana ndi kumanga mtengo pa angle grinder, monga ndaonera m'mavidiyo ena. Makina amenewo amathamanga maulendo oposa 10,000 pa mphindi. Chipika chikapulumuka pa liwiro limenelo chikhoza kupha munthu.

Malaiti akamazimazima, ntchitoyi ingayende?

Chinthu choyamba, ndipo chonde musachiiwale: malaiti akazima muli pakati pa ntchito, zimitsani switchi ya makina nthawi yomweyo. Mukaisiya yoyatsa, malaiti akabwera lathe idzadzuka yokha, mwina mwana ali pafupi, mwina tchizulo ili pamtengo. Pali switchi yotchedwa NVR imene imadzizimitsa magetsi akachoka ndipo siyaka mpaka mutaidina. Ngati lathe yanu ndi yopanga nokha, uzani amalaiti akuikireni imeneyi. Amene muli ndi sola, dziwani kuti mota ikamadzuka imakoka mphamvu yoposa kangapo imene yalembedwa pathupi pake, choncho inverter yaing'ono imagonja.

Koma ilipo lathe yosafuna magetsi n'komwe. Mumamanga ndodo yaitali yofewa m'mwamba, ngati ya msampha, chingwe n'kutsika kuchokera kunsonga kwake, kukulunga mtengo kawiri, n'kukathera pa thabwa lopondapo. Mukaponda, mtengo umazungulira kubwera kwa inu ndipo mumasema. Mukachotsa phazi, ndodo ija imakoka chingwe, mtengo umabwerera, inu n'kubweza tchizulo pang'ono. M'nkhalango za Chilterns pafupi ndi High Wycombe ku England, amisiri ankasema miyendo ya mipando mwa njira imeneyi mpaka m'zaka za m'ma 1900. Ku Marrakech ku Morocco alipo mpaka lero amene amazungulitsa mtengo ndi uta, tchizulo atapanira ndi zala zakuphazi. M'malo mwa ndodo mutha kugwiritsa ntchito malegeni a chubu cha njinga, ndipo machubu otha kuno ku Chipata sasowa. Lathe yotere imakonda mtengo wauwisi, ndipo ilibe phokoso.

Ndi mitengo iti yabwino?

Ya zipatso, makamaka. Mtengo wa chiwiya cha chakudya uyenera kukhala wopanda fungo, wopanda utomoni, wa mitsempha yothinana kuti msuzi usamalowe. Ndipo pa tinthu tating'ono simufunika kugwetsa mtengo. Nthambi yothyoka ndi mphepo ya mvula yoyamba, kapena mtengo umene aneba adula pofuna kumanga, zimandikwanira chaka chonse. Mukamva makina odulira mitengo akulira m'dera lanu, pitani mukapemphe zipika zisanasanduke nkhuni.

Gwafa ndi amene ndimamukonda koposa. Ngwolimba, amasalala ngati fupa, ndipo mthiko wake sufufuma msanga. Vuto lake amang'aluka mukamuumitsa mothamanga. Mandimu ndi malalanje nawonso ngolimba, achikasu pang'ono, abwino pa timasipuni ndi zotungira uchi. Mango ndi wofewerapo, zipika zake zimakhala zazikulu, ndiye amayenera timbale ndi timitondo. Koma utomoni wa m'khungwa lake umayabwa anthu ena, choncho sambani m'manja mukamusenda. Jakaranda ndi woyera, wopepuka, wosavuta kusema ndipo sang'aluka kawirikawiri. Woyamba kumene aphunzirire pa ameneyu. Malaina amapezeka mosavuta kwa ocheka matabwa, sapindika, koma amachedwa kuuma mkati.

Paini amanunkha utomoni ndipo ngofewa. Bulugamu amang'aluka kwambiri. Onsewa ndi abwino pophunzirira dzanja, koma mumphika ayi.

Ilipo yoti ndisaikhudze n'komwe?

Ilipo. Mwavi tonse tikuudziwa mbiri yake. Khungwa lake ndi poizoni. Nkhadze utomoni wake umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ndi ngozi. Oleander, chitsamba cha maluwa apinki kapena oyera chimene chimabzalidwa m'mipanda, chili ndi poizoni thupi lonse. Gliricidia, amene wadzaza m'minda yathu kuno kummawa pobwezeretsa chonde, ngwabwino m'nthaka, koma dzina lakelo m'Chilatini limatanthauza wopha mbewa, chifukwa kwawo ku Central America ankapangira mankhwala a makoswe. Ine sindimusemera chiwiya cha chakudya.

Pewaninso matabwa onse othiridwa mankhwala: mapolo obiriwira a mpanda, amene amalowetsedwa mankhwala okhala ndi arsenic, mapolo akuda onunkha phula a magetsi, mapaleti odindidwa MB, ndi thabwa lililonse la penti yakale. Mtengo umene simukuudziwa dzina, kaufunseni kwa akuluakulu a kumudzi musanauike pamakina.

Nanga mlombwa, mbawa ndi mukula?

Ndi mitengo yokongola, palibe angakane. Koma taona tonse mmene mapiri athu ayerera, ndipo mitengo imeneyi imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule. Mukula unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES mu 2019, ndipo pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 anawonjezerapo abale ake onse a mu Africa, kuphatikizapo mlombwa, pamodzi ndi mbawa. Panganoli limayang'anira malonda odutsa malire a mayiko a mitengo ndi nyama zimene zili pangozi yotha. M'dziko muno kudula ndi kunyamula mitengo ya m'nkhalango kumayendetsedwa ndi lamulo la Forests Act la 2015, ndipo zilolezo zimachokera ku dipatimenti ya zankhalango.

Ine ndimangotola tizidutswa totsala kwa akalipentala opanga zitseko, n'kupangira mipini ya mipeni ndi zivundikiro. Pa mthiko sindiika mlombwa. Fumbi lake limayetsemulitsa kwambiri, ndipo nsima yoyera sifuna mtengo wa madzi ofiira.

Chifukwa chiyani zimene ndasema zimang'aluka pakapita masiku?

Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, ndipo ukamauma umafota. Koma sufota mofanana. Mozungulira, kutsata mizere ya zaka ija, umafota pafupifupi kawiri kuposa kuchokera pamtima kupita kukhungwa. Chipika chathunthu chikamauma, kunja kumakoka kwambiri, mkati n'kukana, mapeto ake mng'alu umayambira pamtima. Ndiye lamulo loyamba: wazani chipika pakati tsiku lomwe mwachipeza, ndipo mtima wake, kachingwe kofewa ka pakati penipeni, muuchotse. Anthu ambiri amatenga nthambi yobulungira kale poganiza kuti ntchito yachepa. Nthambi yotero mtima uli mkati, ndipo ing'aluka ndithu.

Lachiwiri: madzi amathawira kumapeto kwa chipika msanga kuposa m'mbali. Pakani kumapeto konse kuwiri phula la kandulo losungunula, guluu wa matabwa kapena penti yotsala, ndipo podzasema mudzadule mbali yopakayo. Sanjikani pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa kuopa chiswe. Chotsaninso khungwa, chifukwa m'menemo ndi mmene tizilombo tofumbwa mitengo timayambira.

Mabuku a kumayiko ozizira amati thabwa lochindikala masentimita 2.5 limafuna chaka chathunthu. Kuno nyengo yathu ya chilimwe imafulumizitsa, ndipo ngozi yake ndi yomweyo. Mtengo wodulidwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ukhoza kung'aluka usiku umodzi. Wodulidwa nthawi ya mvula umachita nkhungu n'kuda mizere. Nthawi imene ndimaikonda ndi Meyi mpaka Julayi.

Pa timbale pali njira yachidule. Semani kambale kakadali kauwisi, koma musiye khoma lochindikala, gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake: kambale ka masentimita 15 kakhale ndi khoma la 1.5. Kaikeni m'thumba la pepala pamodzi ndi utuchi wake. Sabata iliyonse kayezeni pa sikelo ya kukhitchini n'kulemba kulemera kwake pathumbapo. Kakasiya kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, kauma. Mudzakapeza katapindika ngati dzira, n'kukabwezera pa lathe kuti mukamalize.

Ndigule matchizulo angati?

Anayi: roughing gouge yochotsera makona, spindle gouge yokhotetsera, parting tool yodulira, ndi bowl gouge mukadzafika pa timbale. Skew, tchizulo yaphwatalala yopendekera kunsonga, imasalaza koposa zonse koma imafuna dzanja lozolowera. Roughing gouge musaigwiritse ntchito pa mbale. Pamene imalowera mumpini ndi popyapyala ndipo imathyoka. Tupa wakale musamusandutse tchizulo, chitsulo chake n'chouma kwambiri, chimasweka ngati galasi. Sipuling'i ya galimoto yosulidwa ndi mmisiri wodziwa imagwira ntchito.

Kunola kumaposa zonsezi. Mtengo wa masentimita 5 ukamazungulira maulendo 2,000 pa mphindi, tchizulo imadutsa mamita oposa 300 a mtengo pa mphindi imodzi yokha. Ndiye imabuntha msanga. Mukaona kuti mukutuluka fumbi m'malo mwa utuchi wautali wopotanapotana, kanoleni. Ngati chitsulo chanu si cha HSS, mtundu wa chitsulo wosafewa msanga ndi kutentha, chiviikeni m'madzi pafupipafupi ponola. Chikasanduka chabuluu kunsonga, chafewa.

Kagwiridwe kake nkotere: tsamiritsani tchizulo pa tool rest poyamba, kenako gunditsani pamtengo mbali yopendeka imene mumanola ija, ndipo pomaliza kwezani mpini pang'ono mpaka iyambe kudya. Mukalowetsa nsonga mwachindunji, tchizulo imakola n'kukugwedezani mpaka m'mapewa.

Ndi zoopsa bwanji?

Zimavulaza munthu wosasamala, ndipo ndimafuna aliyense wolowa m'kashedi kanga amve izi asanagwire kanthu. Valani chishango cha nkhope yonse, magalasi okha sateteza mano. Magolovesi ayi, malaya a manja aatali ayi, mpango wolendewera ayi. Tsitsi lalitali kapena loluka limangidwe kumbuyo, chitenje chimangidwe molimba. Musanayatse, zungulitsani mtengo ndi dzanja kuti muone ngati sukugunda tool rest, ndipo poyatsa imani pambali. Kiyi wa chuck asatsale pa chuck.

Liwiro limatsata kukula kwa mtengo. Chulukitsani masentimita a kukula kwake ndi maulendo a pa mphindi. Yankho lisapitirire 23,000. Kambale ka masentimita 15 kasapitirire 1,500. Chipika chikadali ndi makona, yambani pansi kwambiri.

Fumbi ndi mdani wosaoneka. Mu 1995 bungwe la IARC, la pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Posalaza ndi sandipepa valani chophimba mphuno chenicheni cha fumbi, ndipo tsegulani zitseko.

Ndipake chiyani kuti chiwale koma chisawononge chakudya?

Yambani mwasalaza: sandipepa ya 80, 120, 180, 240, osadumpha. Chotsani tool rest posalaza. Kenako nyowetsani chiwiyacho ndi madzi, chiume, mudzamva chachita timinga; salazaninso ndi 240 kapena 320. Mukadumpha apa, chidzachita timinga m'manja mwa mwini wake tsiku loyamba kutsukidwa.

Mafuta amene ndimadalira ndi liquid paraffin wa ku famase, uja amamwa anthu odzimbidwa. Ndibwereze kuti mumve bwino: wa ku famase, osati parafini wa nyali kapena wa sitovu. Ndimasungunula gawo limodzi la phula la njuchi m'magawo anayi a mafutawa, chitini chili m'madzi otentha, osati pamoto mwachindunji. Phula mulipeza kwa alimi a njuchi. Pakani, dikirani usiku umodzi, pukutani. Mukapaka makina akuzungulira, gwiritsani ntchito pepala, chifukwa nsalu ikakulungika imakoka chala.

Saladi amaoneka bwino tsiku loyamba, koma pakapita miyezi amanunkha moipa n'kumata. Mafuta a nsawawa amadwalitsa anthu amene thupi lawo limadana ndi nsawawa. Boiled linseed oil wa m'mashopu a zomangira ali ndi mankhwala oumitsa, ndipo nsanza zake zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Vanishi amasupuka n'kugwera m'ndiwo. Mthiko wa nsima, kunena zoona, sufuna chilichonse: mphika wowira umachotsa mafuta onse m'masiku ochepa, ndipo agogo athu sankapaka kanthu.

Kasamalidwe kake?

Tsukani mukangomaliza, musasiye m'beseni la madzi usiku wonse, ndipo yanikani pathandala pamthunzi. Kamtondo ka adyo kakhale ka adyo, ka nsinjiro kakhale ka nsinjiro. Chiwiya chikang'aluka chichotseni kukhitchini, chifukwa mumng'alumo mumabisala zakudya zowola.

Kodi ana ndi amayi angaphunzire?

Lathe sifuna mphamvu, imafuna dzanja lodekha. Mlongo wanga wamng'ono anagwira skew bwino msanga kuposa ine, ndipo popeza amaphika tsiku lililonse, amadziwa kale pamene chala chachikulu chimakhala pa chogwirira. Mwana wa sekondale angayambe, wamkulu ali pambali pake nthawi yonse, dzanja lili pafupi ndi switchi.

Mungagulitse n'kupezapo ndalama?

Pa mithiko musayembekezere zambiri. Pitani ku Kapata kapena ku Saturday Market mukaone mitengo ya mithiko ndi zipande zosema ndi manja, kenako muwerengere maola anu, malaiti ndi sandipepa. Amisiri a kumudzi amenewo ndi achangu, amadziwa ntchito yawo, ndipo sindifuna kuwalanda msika. Zimene anthu amandipempha ndi zosapezeka pamsika: kamtondo kakang'ono ka adyo ndi tsabola, ndodo ya chapati yolunjika bwino, chivundikiro cha botolo la chiponde, mpini watsopano wa mpeni umene mwini wake sakufuna kuutaya. Pa kitchen party ndi pa chilanga mulilo zimayenda monga mphatso.

Munthu akandipempha mthiko, ndimamuuza abweretse wakale umene amaukonda, ngakhale utapserera kumutu. Ndimauyeza utali, ndimaona pamene dzanja laudya, ndimafunsa kukula kwa mphika ndi anthu amene amadya panyumbapo. Ndikamaliza ndimamupatsa kuti akaphikire sabata imodzi, ndipo ngati chogwirira chakula kapena mutu walemera, amabwera nawo Loweruka lotsatira ndikauchepetse.